Mafuta a ku Niger Delta: ndalama zimathera pati zisanafike kumudzi?

aMbewe:
Abale ndi alongo, tiyeni tiunikepo za mafuta a ku Niger Delta, koma titsate kumene ndalama zimadutsa. Pamapepala, midzi yokumbidwa mafuta ku Nigeria ili ndi mipopi itatu ya ndalama: 13 peresenti ya ndalama za mafuta imene malamulo aakulu a 1999 amapereka ku zigawo zotulutsa mafuta, bungwe la chitukuko la NDDC, ndi matumba a midzi amene lamulo la 2021 linabweretsa. Mipopi itatu, koma ku Oloibiri, kumene Shell-BP inapeza mafuta mu 1956, zitsime zinauma kalekale ndipo mudzi unatsala ndi umphawi wake. Mpopi uliwonse ukudontha pati? Odziwa tithandizeni, ndi manambala omwe.

Nabanda:
Zikomo aMbewe. Musanawerenge mipopi, funsani kaye kuti chitsime n'chayani, poti mutu wa nkhani wagona pamenepo. Pali malamulo atatu amene anachotsa eni mudzi pa mafuta. Loyamba ndi Petroleum Act ya 1969, imene boma la asilikali la Yakubu Gowon linakhazikitsa nkhondo ya Biafra ili mkati: mafuta onse, a pamtunda ndi a pansi pa nyanja, ndi a boma lalikulu. Lachiwiri ndi Land Use Act ya 1978, imene inaika malo onse a m'chigawo m'manja mwa bwanamkubwa. Munthu amene makolo ake anaikidwa m'manda pamalopo anasanduka wongololedwa kukhalapo, ndipo bwanamkubwa akhoza kumulanda malowo akafunika pa ntchito ya mafuta kapena podutsitsa paipi. Lachitatu ndi gawo 44(3) la malamulo aakulu a 1999, lomwe linangobwereza kuti za pansi pa nthaka ndi za boma lalikulu. Ndiponso Land Use Act anaikhomerera m'malamulo aakuluwo, moti simungaisinthe ngati lamulo wamba.

Zotsatira zake zimaoneka tsiku lolipira. Kampani ikatenga malo, owerengera amabwera n'kuwerenga mapesi a chinangwa, mitengo ya kanjedza, maiwe a nsomba ndi nyumba. Amalipira zimenezo kamodzi basi. Mafuta amene azituluka pansi pa mundawo zaka 30 zikubwerazo, mwini munda alibe nawo gawo.

aGama:
Pa maperesenti, mbiri yake ndi iyi. M'malamulo a 1960 ndi 1963, chigawo chimene kwakumbidwa chuma cha pansi pa nthaka chinkabwezeredwa 50 peresenti ya lendi ndi royalty, msonkho umene kampani imalipira pa zimene yakumba. Nthawi imeneyo chuma cha Nigeria chinali mtedza kumpoto, koko kumadzulo ndi mafuta a kanjedza kum'mawa, madera a mitundu itatu ikuluikulu, ndipo palibe ankadandaula kuti chigawo chizidya zake. Mafuta atayamba kulamulira chuma, nambala inayamba kutsika: 45 peresenti mu 1970, mafuta a m'nyanja anachotsedwa pa chiwerengerocho mu 1971, 20 peresenti mu 1975, mpaka 1.5 peresenti mu 1982. Inakwera pang'ono kufika pa 3 peresenti mu 1992 pamene boma la asilikali la Babangida linakhazikitsa OMPADEC, bungwe lotukula madera a mafuta, kenako 13 mu 1999.

Kagawidwe ka lero kali motere. Mwezi uliwonse komiti yogawa ndalama za boma, ya FAAC, imakhala pansi. Pa ndalama za mafuta amayamba achotsa 13 peresenti ija n'kugawira zigawo molingana ndi migolo imene chilichonse chatulutsa. Zotsalazo ndiye zimagawidwa dziko lonse: 52.68 peresenti ku boma lalikulu, 26.72 ku zigawo zonse 36, ndi 20.60 ku makhonsolo. Onani bwino: 13 peresentiyo imalowa mu akaunti ya boma la chigawo, ku Port Harcourt, Yenagoa, Asaba kapena Uyo. Gawo 162 la malamulo aakulu silinena kuti ngakhale naira imodzi ifike kumudzi kumene kuli chitsime.

aJere:
Ndiye apa sindikuona kuti nkhani imene anthu amakamba, yoti Delta imaponderezedwa chifukwa ndi ya mitundu ing'onoing'ono, ikubwera pati. Amene amalandira 13 peresentiyo ndi ana a komweko. James Ibori anali bwanamkubwa wa Delta, ndipo khothi la ku London linamugamula zaka 13 mu 2012 pa milandu ya katangale. Diepreye Alamieyeseigha, bwanamkubwa wa Bayelsa, anathawa belo ku London mu 2005. Goodluck Jonathan, pulezidenti kuyambira 2010 mpaka 2015, kwawo ndi ku Otuoke, khonsolo imodzi ya Ogbia ndi Oloibiri. Kodi awanso tinene kuti ndi Ahausa? Wakuba ndi wa pakhomo pomwepo, achimwene.

Naphiri:
Simukunama aJere, koma mwagwira mwendo umodzi wa njovu. Mantha a mitundu ing'onoing'ono ndi akale kuposa ndalama za mafuta. Mu 1957 Angerezi anakhazikitsa komiti ya Willink kuti imve madandaulo a mitundu imeneyi ufulu usanabwere, ndipo lipoti linatuluka mu 1958, chaka chomwe mafuta oyamba anatumizidwa kunja. Aijaw, Aogoni, Aibibio, Aefik, Aitsekiri, Aurhobo ndi ena ankapempha zigawo zawozawo poopa kuponderezedwa ndi Aigbo kum'mawa ndi Ayoruba kumadzulo. Willink anakana zigawo zatsopano, n'kunena kuti aikidwe maufulu a anthu m'malamulo aakulu ndipo Delta ikhale dera lofunika chisamaliro chapadera. Kumeneko ndiye kunachokera Niger Delta Development Board ya 1961, kholo la mabungwe onse mukuwatchulawa. Kuyambira pamenepo yankho la boma lakhala lomwelo: anthu akapempha ulamuliro pa malo awo, amapatsidwa bungwe.

Uchepa umaluma pa mavoti. Kuti Land Use Act isinthe, pamafunika magawo awiri mwa atatu a aphungu a nyumba zonse ziwiri, kuphatikizapo nyumba za malamulo za zigawo 24 mwa 36. Zigawo za NDDC zilipo 9 zokha. Makhonsolo nawo, amene amalandira 20.60 peresenti ija, anajambulidwa ndi maboma a asilikali: Kano ili ndi 44, Bayelsa ili ndi 8. Ndiye Ibori ndi wakuba, inde, koma khomo limene anadutsirapo analimanga ndi ena.

Ndiponso muli uchepa wina mkati mwa uchepa. Ku Warri mu 1997 kunabuka nkhondo pakati pa Aijaw ndi Aitsekiri chifukwa likulu la khonsolo linasamutsidwa kuchoka ku Ogbe-Ijoh kupita ku Ogidigben. Wina angati kuphana chifukwa cha ofesi ya khonsolo? Koma mwini likulu ndiye amaoneka ngati mwini dera, ndipo mwini dera ndiye amene kampani imakamba naye za ntchito ndi makontirakiti.

aGama:
Kuwonjezera pa za aJere: zigawo zina zinayesa kutseka bowolo. Delta inakhazikitsa DESOPADEC, yoti izilandira theka la 13 peresenti ija n'kugwiritsa ntchito m'midzi ya mafuta. Ondo, Edo ndi Imo alinso ndi mabungwe otere. Vuto ndi lakuti amene amasankha akuluakulu a bungwe ndi bwanamkubwa, amene amatulutsa ndalama mwezi ndi mwezi ndi bwanamkubwa yemweyo.

Palinso tsoka la chigawo cha Cross River. Dera lake la m'mbali mwa nyanja la Bakassi litaperekedwa ku Cameroon, khothi lalikulu linagamula mu 2012 kuti zitsime 76 za m'nyanja ndi za chigawo choyandikana nacho cha Akwa Ibom. Mzere wa pamapu unasuntha, ndalama zinatha, asodzi ndi omwe aja.

aMbewe:
Nanga NDDC? Pamapepala ndalama zake n'zochuluka.

Nabanda:
N'zochulukadi. Lamulo la 2000 linaipatsa magwero atatu: boma lalikulu lizipereka ndalama zofanana ndi 15 peresenti ya zimene zigawo 9 zija zimalandira pamwezi, makampani a mafuta ndi gasi azipereka 3 peresenti ya bajeti yawo ya pachaka, ndi theka la gawo la zigawozo m'thumba la zachilengedwe. Kafukufuku wa mabuku ake amene anaperekedwa ku boma la Buhari mu 2021 anapeza ntchito 13,777 zosiyidwa panjira kapena zosalongosoka, pa ndalama pafupifupi 6 thiriliyoni naira zimene bungweli linalandira kuyambira 2001 mpaka 2019.

Njira yake yobera siyovuta kuimvetsa. Kontirakiti imaperekedwa kwa munthu wandale amene alibe ngakhale wilibala. Amalandira ndalama zoyambira ntchito, amakhoma chikwangwani, amathira mchenga malole angapo, n'kugulitsa kontirakitiyo kwa wina pamtengo wotsika. Wachiwiriyo ndalama sizimukwana, chifukwa kumanga msewu m'dambo la Delta kumafuna kuchotsa matope, kuthira mchenga wochokera mumtsinje ndi kukhoma zipilala, ndiye amausiya. Bajeti ya chaka chamawa msewu womwewo umalembedwanso ndi dzina lina. Mabodi ake amasankhidwa ku Abuja, ndipo zaka zingapo bungweli linkayendetsedwa ndi makomiti ongogwirizira. Mudzi ulibe voti pa ntchito yoti ichitike, ulibenso siginecha yotsimikiza kuti yatha.

aChisale:
Mwakamba za ndalama zolowa. Ine ndikambe za ndalama zimene mudzi umaluza mafuta akatayika, chifukwa kumeneko ndiye msodzi amafera, ndipo zonse zimatsamira pa pepala limodzi.

Paipi ikaphulika, kampani imayenera kudziwitsa NOSDRA, bungwe loona za mafuta otayika lomwe linakhazikitsidwa mu 2006, pasanathe maola 24. Kenako pamakhala ulendo wofufuza limodzi, umene amautcha JIV. Amapita a kampani, a NOSDRA, a bungwe loyang'anira zokumba mafuta, a unduna wa zachilengedwe wa chigawo, achitetezo ndi nthumwi za mudzi. Amakumba pamene padontha, amayang'ana bowo, n'kulemba zinthu zitatu: chimene chachititsa, migolo imene yatayika, ndi kukula kwa malo oonongeka. Onse amasaina.

Bokosi la chimene chachititsa ndilo lili ndi mano. Gawo 11(5) la Oil Pipelines Act limati kampani ilipire chipukuta misozi paipi ikadontha, kupatula ngati wina waiononga dala. Akangochonga kuti ndi dzimbiri kapena kulephera kwa zipangizo, mudzi ulipidwa. Akachonga kuti anthu aboola, kampani iyenerabe kuyeretsa koma salipira aliyense, ngakhale mayi amene sanaionepo paipiyo koma nsomba zake zafa.

Amasiyanitsa bwanji? Mafuta osayenga amayenda ndi madzi, ndipo madzi amakhala pansi m'paipi, ndiye dzimbiri la mkati limakonda kudya kumimba kwa paipi, bowo lake losalongosoka ndipo chitsulo chozungulira chimakhala chitapyapyala. Wakuba amakumba kuchokera pamwamba, ndiye bowo lake limakhala pamsana kapena m'mbali, lozungulira bwino ngati ndi dirilo, kapena mzere woongoka ngati ndi sowo. Koma maso okha sakwanira. Pamafunika kachipangizo koyezera kukhuthala kwa chitsulo, ndi mbiri ya paipiyo: inaikidwa liti, anadutsitsamo liti makina aja amati pig oyang'ana mkati, ndipo magetsi oteteza dzimbiri akugwira ntchito kapena ayi. Zonsezi ali nazo ndi a kampani. Boti lopitira kumaloko ndi la kampani, helikopita ndi ya kampani, tsiku lopita amasankha ndi a kampani. Zili ngati kutuma nyani kuti akawerenge chimanga chimene chasowa m'munda.

Pa migolo ndiye pamaipiratu. Amayeza malo amene mafuta akuoneka, kuchulukitsa ndi kukhuthala kwa mafutawo. Pamtunda zimayandikirako. M'mitsinje ya Delta madzi a m'nyanja amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, ndiye gulu likafika patatha sabata, mafuta ambiri apita kale m'mizu ya mitengo ya mangrove, makilomita ambiri kutali. Chiwerengero choona chimafuna kukula kwa bowo, mphamvu ya kukankha kwa mafuta m'paipi, ndi masiku amene yakhala ikudontha. Tsiku loyambira likasunthidwa, zonse zasuntha.

aJere:
Chitsanzo chake chilipo, kapena ndi nkhambakamwa za mabungwe?

aChisale:
Mudzi wa Bodo, ku Ogoni, dera la Aogoni, 2008. Paipi ya Shell ya Trans-Niger inang'ambika pa chowotcherera. Anthu a m'mudzi anati inayamba kudontha pa 28 Ogasiti, pepala la JIV linalemba 5 Okotobala, ndipo anaitseka pa 7 Novembala. Pepalalo linati migolo 1,640, ndipo mgolo umodzi ndi malita 159. Akatswiri ena ataona kanema wa mmene mafuta ankatumphukira anawerengera migolo yoposa 100,000. Inadonthanso kachiwiri kumapeto kwa chaka chomwecho. Mlandu utapita ku London, Shell inavomera kuti manambala ake anali otsika, ndipo mu Januwale 2015 inalola kulipira mapaundi 55 miliyoni: 35 miliyoni kwa anthu pafupifupi 15,600, ndi 20 miliyoni ku mudzi wonse. Munthu aliyense analandira mapaundi pafupifupi 2,200, patatha zaka zoposa 6 mtsinje uli wakufa.

Naphiri:
Ndipo onani kumene chilungamo chinapezeka: London. Cha alimi a ku Oruma ndi Goi, amene anasumira Shell, chinapezeka ku The Hague, ku Netherlands. Mlandu unayamba 2008, chigamulo cha apilo chinabwera pa 29 Januwale 2021. Khothi linati kampani ikanena kuti anthu anaboola dala, iyo ndiye ibweretse umboni wosasiya chikaiko, ndipo pa midzi iwiriyo inalephera. Linalamulanso kuti paipi ya ku Oruma aiikire zipangizo zodziwitsa ikadontha. Mu Disembala 2022 anagwirizana za mayuro 15 miliyoni. Ena mwa amene anayambitsa mlanduwo anali atamwalira, ana awo ndiwo anaumaliza. Akuluakulu amati mlandu suola, koma mwini mlandu amaola.

Kwawo komweko zigamulo zimatuluka, kutsata kwake ndiye kulibe. Mu 2005 khothi la ku Benin City, pa mlandu wa Jonah Gbemre wa ku Iwherekan, linagamula kuti kuotcha gasi pafupi ndi midzi kumaphwanya ufulu wokhala ndi moyo. Moto sunazime. Mu 2001 komishoni ya za ufulu wa anthu ya mu Africa inapeza boma la Nigeria lolakwa pa nkhani ya Aogoni, potengera gawo 21 ndi 24 la pangano la Africa, onena za ufulu wa anthu pa chuma chawo ndi pa malo aukhondo. Maloya amachitchula kwambiri chigamulochi, koma komishoniyo ilibe apolisi.

aGama:
Za gasi ndiike manambala. Lamulo la 1979 linati kuotcha gasi kuthe pofika Januwale 1984, koma linasiya kakhomo koti nduna ikhoza kupereka chilolezo kampani ikalipira. Kwa zaka zambiri chindapusa chinali 10 naira pa gasi wokwana makyubiki fiti 1,000, ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa makina opanikizira gasi ndi mapaipi ake. Wowerengera ndalama aliyense akanasankha kuotcha. Mu 2018 anakweza kufika pa madola 2 kwa kampani yotulutsa migolo 10,000 kapena kuposa pa tsiku, ndi masenti 50 kwa zing'onozing'ono. Kuyeza gasi wootchedwayo kumadaliranso mamita a kampani.

aJere:
Chabwino, koma tisawayeretse anthu a kumidziko. Kuboola mapaipi kulipo ndithu, ndipo n'kochuluka. Mwaye umene unakuta Port Harcourt kuyambira 2016 sunachokere ku makampani okha.

aChisale:
Kulipo, ndipo palibe akukana. Iwo amati kpofire. Amene munaonapo kutcheza kachasu mwamvetsa kale: mafuta akuba amawathira mu thanki yowotcherera ya zitsulo, amasonkha moto pansi pogwiritsa ntchito mafuta omwewo, nthunzi imadutsa m'paipi yomizidwa m'madzi ozizira n'kutsikira m'chotengera. Choyamba kutuluka ndi chonga petulo, kenako parafini, kenako dizilo. Kusiyana kwake ndi kachasu n'kwakuti palibe choyezera kutentha, ndiye parafini amasakanikirana ndi petulo n'kumaphulitsa nyali ndi mbaula m'nyumba za anthu. Phala lakuda lotsala, lomwe ndi gawo lalikulu la mgolo, amalitaya m'dzenje kapena mumtsinje. Asilikali akapeza malowo amawatentha, mafuta otsala n'kutayikira m'dambo, utsi n'kupita kutauni. Wakuba waononga, wogwira wakubayo waononganso.

Koma musiyanitse magulu awiri. Anyamata a madiramu ndi ang'onoang'ono. Kuba kwenikweni ndi kwa anthu amene amawotcherera vavu pa paipi yaikulu ikugwira ntchito, n'kukoka paipi yawoyawo mpaka pa mabaji, maboti akuluakulu onyamula katundu, opita ku sitima zapanyanja. Zimenezo zimafuna amisiri odziwa, ndalama, ndi wina wa yunifolomu woyang'ana kumbali. Baji si njinga yoti mungaibise kuseri kwa nkhokwe.

Nabanda:
Tsono apa ndi pamene lamulo la 2021 limandikwiyitsa. Petroleum Industry Act, imene Buhari anasaina pa 16 Ogasiti 2021, imati kampani iliyonse yokumba ikhazikitse thumba la midzi yozungulira, n'kumaikamo 3 peresenti ya ndalama zimene inagwiritsa ntchito poyendetsa ntchito zake chaka chathacho. Mvetsani: si 3 peresenti ya phindu, si ya mafuta ogulitsidwa, koma ya zimene yaononga poyendetsa ntchito. Midzi inkapempha 10. Nyumba ya aphungu inavomera 5, ya maseneta 3, ndipo 3 ndiyo inapambana. Lamulo lomwelo linapatula 30 peresenti ya phindu la NNPC, kampani ya mafuta ya boma, pa mapangano ogawana mafuta kuti ikafufuzire mafuta kumadera atsopano, ambiri mwa iwo kumpoto.

Tiyerekeze kampani yagwiritsa ntchito madola 200 miliyoni. Thumba lilandira 6 miliyoni. Lamulo limagawa motere: 75 peresenti, ndiye 4.5 miliyoni, ya zitukuko. 20 peresenti, 1.2 miliyoni, yosunga kuti idzathandize mafuta akadzatha. 5 peresenti, 300,000, yoyendetsera ofesi. Gawani 4.5 miliyoniyo ku midzi 40 yofikako pa boti, muona kuti ndi mjigo ndi mabuloko awiri a sukulu.

Ubwino wake ulipo, tisabise: ndalamayi siidutsa kwa bwanamkubwa, ndipo ndi lamulo, pomwe mapangano akale a makampani ndi midzi, a GMoU, amene Chevron inayamba mu 2005 ndi Shell mu 2006, anali ongodalira mtima wa kampani. Koma kampani ndiyo imatchula midzi yoyenera kulowa, imasankha matrasti itafunsako midzi, imasankha mlembi wa bodi, ndiponso imachita kafukufuku wa zosowa za anthu. Ndiye pali gawo 257: paipi ikaonongedwa dala kapena ntchito ikaima chifukwa cha zipolowe, ndalama zokonzera zimachotsedwa m'thumba la mudzi. Bwererani ku pepala la JIV la aChisale. Bokosi lija kale linkangomana mudzi chipukuta misozi, pano likhozanso kudya sukulu yawo. Mudzi wasanduka mlonda wosalembedwa ntchito, wopanda mfuti, woti azilipira akaba anthu a mabaji.

aMbewe:
Apa ndiye mwalasa, Nabanda. Nanga mbali ya mfuti? Poti boma silinayankhe ndi mabungwe okha.

Naphiri:
Mndandanda wake ndi wautali, ndingotola pang'ono. Isaac Adaka Boro analengeza dziko la Niger Delta mu Febuluwale 1966, anagonjetsedwa m'masiku 12. Ku Umuechem mu 1990 anthu anachita zionetsero pa malo a Shell, apolisi achiwawa anabwera, anapha anthu ambiri n'kutentha nyumba mazanamazana. Chaka chomwecho Aogoni analemba Ogoni Bill of Rights. Sanapemphe kuchoka mu Nigeria. Anapempha kudzilamulira pa zinthu zawo, gawo loyenera la chuma cha m'nthaka yawo, kuteteza chilankhulo chawo ndi malo awo. Pa 4 Januwale 1993 anthu pafupifupi 300,000 anayenda mwamtendere, ndipo chaka chomwecho Shell inasiya kupopa mafuta ku Ogoni. Mafumu anayi ataphedwa ku Giokoo mu Meyi 1994, boma la Abacha linamanga atsogoleri a MOSOP, gulu lomenyera ufulu wa Aogoni, linawazenga pa khothi lapadera lopanda apilo, ndipo Ken Saro-Wiwa ndi anzake 8 ananyongedwa pa 10 Novembala 1995. Nigeria inaimitsidwa mu Commonwealth.

Achinyamata a Chiijaw anaona zimenezo. Mu Disembala 1998 anakumana ku Kaiama n'kulengeza zoti mafuta a m'dziko la Aijaw ndi awo. Mu Novembala 1999, boma la anthu wamba la Obasanjo litangolowa, apolisi 12 anaphedwa ku Odi, ndipo asilikali anagumula tauni yonse. Mu 2013 khothi linalamula boma kulipira 37.6 biliyoni naira. Pofika 2006 kunali MEND, gulu la zigawenga loba azungu a m'makampani ndi kuphulitsa mapaipi.

aJere:
Ndipo amene ananyamula mfuti ndiwo analipidwa. Chikhululukiro cha pulezidenti Yar'Adua cha 2009: pereka mfuti m'masiku 60, uzilandira 65,000 naira pamwezi ndi maphunziro. Analembedwa anthu pafupifupi 30,000. Mafuta anayambanso kuyenda, zimenezo n'zoona. Koma ndalama zambiri zinkadutsa mwa akuluakulu a magulu aja, ndipo boma litayamba kuchepetsa mu 2016, kunatulukira a Niger Delta Avengers n'kuphulitsa paipi ya pansi pa nyanja ku Forcados. Mu 2022 kampani yogwirizana ndi Tompolo, mtsogoleri wakale wa zigawenga, inapatsidwa kontirakiti yolondera mapaipi. Mnyamata wa ku Delta akayerekeza mathero a Saro-Wiwa ndi a Tompolo, mukuganiza aphunzirapo chiyani?

aChisale:
Ndibwerere ku Ogoni, poti anthu amaganiza kuti kupopa kukaima, kuonongeka kumaimanso. Lipoti la UNEP, nthambi ya United Nations yoona zachilengedwe, la Ogasiti 2011 linatuluka patatha zaka 18 Shell itachoka. Ku Nsisioken Ogale anapeza anthu akumwa madzi a m'zitsime okhala ndi benzene, mankhwala oyambitsa khansa, mowirikiza ka 900 kuposa muyezo wa WHO, ndipo pamwamba pa madzi a pansi pa nthaka pankayandama mafuta okhuthala masentimita 8. Anati kuyeretsa kudzatenga zaka 25 mpaka 30, ndipo pafunika madola 1 biliyoni pa zaka 5 zoyambirira.

Chimene chinalakwika pa kuyeretsa kwakale n'chosavuta. Ankagalauza dothi la pamwamba, kuthira feteleza kuti tizilombo ta m'nthaka tidye mafuta, n'kulemba kuti malo ayera. Njirayi imagwira pa dothi losaya. UNEP inapeza mafuta atalowa kupitirira mamita 5 m'malo ambiri, chifukwa dongo limene ankati limatchinga silipezeka paliponse. Pamalo otere muyenera kukumba dothi lonse loipa, kuliika pa pulasitiki yochindikala kuti lisadonthere pansi, kulisamalira pamenepo, kupopa madzi a pansi n'kuwasefa, kenako kuyeza ku labotale yodalirika musanabwezere. Mu mangrove simulowetsa makina olemera. Mumatsuka matope ndi madzi opopa pang'onopang'ono, kukokolola mafuta oyandama, n'kudzala mbande pamanja. Ntchito ya boma yoyeretsa ku Ogoni, ya HYPREP, anaikhazikitsa mwamwambo ku Bodo mu 2016, ndipo madandaulo aakulu akhala oti makontirakiti oyamba anapita kwa makampani osadziwa ntchitoyi.

aGama:
Kwathu kuno nkhaniyi isatipite patali. Mu 2011 boma linapereka chilolezo kwa kampani ya Surestream chofufuza mafuta m'nyanja ya Malawi, pogwiritsa ntchito lamulo la mafuta la 1983. Kukumba sikunachitike. Koma nyanja yathu ndi ya madzi akumwa, potulukira pake ndi pamodzi, Shire, ndiye choipa chikalowa sichituluka msanga. Chimene Bodo inasowa ndi muyezo wa madzi, dothi ndi nsomba zogwidwa ntchito isanayambe. Popanda zimenezo msodzi wa usipa sangatsimikize m'khothi kuti kale ankapha zochuluka bwanji.

Nabanda:
Zoona aGama. Koma ku Delta kwabuka funso latsopano limene malamulo onse tatchulawa sanaliyankhe bwino. Makampani akuluakulu akuchoka pamtunda kuthawira m'nyanja yakuya. Eni inagulitsa kampani yake ya Agip kwa Oando mu 2024, ExxonMobil inagulitsa zitsime zake za m'madzi osaya kwa Seplat chaka chomwecho, ndipo Shell inamaliza kugulitsa kampani yake ya pamtunda, SPDC, kwa gulu la Renaissance mu Malichi 2025. Wogula amatenga zitsime pamodzi ndi mapaipi okalamba ndi malo onse oonongeka. Komishoni ya ku Bayelsa imene inatsogoleredwa ndi John Sentamu inati mu 2023 kuyeretsa chigawo chimenecho chokha kufunika madola 12 biliyoni pa zaka 12.

aMbewe:
Ndiye paipi ya 1970 ikaphulika mawa, munthu wa ku Bille, dera la asodzi ku Delta, akasumire ndani?

Nabanda:
Mwini watsopano, m'khothi la ku Nigeria. Khomo la ku London linatsegukanso mu Febuluwale 2021 pa mlandu wa Ogale ndi Bille chifukwa khothi lalikulu la ku Britain linati kampani yaikulu ikhoza kuyankha pa zochita za mwana wake ngati inkamuyang'anira. Mlandu umenewo ukupitirira, poti ndi wa mafuta amene anatayika Shell ikadali mwini. Za mawa ndi zina: mwini watsopano alibe kholo ku London kapena ku The Hague. Lamulo la 2021 limati kampani iliyonse izisunga ndalama padera zodzachotsera zitsime ndi mapaipi akale, ndiponso izisonkha ku thumba lokonzera malo oonongeka. Chofunika kufunsa a NUPRC, bungwe loyang'anira zokumba mafuta, ndi ndalama zimene zili m'maakaunti amenewo lero, chitsime ndi chitsime, ndi dzina la amene anawerengera kuti zikwanira.